Momwe Mungakonzere Kafukufuku wa Mankhwala ku Mangochi ndi Kupeza Ndalama Zake

Wophunzira za mankhwala wa chaka chomaliza ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), kapena wogwira ntchito ku famase ya chipatala chachikulu cha Mangochi amene akufuna digiri yachiwiri, nthawi zambiri amayamba ndi kufunsa kuti ndalama azipeza kuti. Funso limenelo liyambe ladikira. Opereka ndalama amalandira mapempho ochuluka zedi, ndipo amene amadutsa ndi amene afunsa chinthu chimodzi chaching'ono, chodziwika malo ake ndi nthawi yake, chimene wopemphayo angathedi kuchiyankha ndi ndalama zomwe watchula. Malangizo awa akutsata ndondomeko imene ntchitoyi imayendera, kuyambira pa funso mpaka pa lipoti lomaliza.

Gawo 1: Dulani funso lanu kuti lichepe

"Kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala m'boma la Mangochi" ndi mutu wa nkhani chabe, sungayankhidwe. Funso loyankhika limatchula mankhwala ake, malo ake, anthu ake ndi miyezi yake. Mwachitsanzo: kodi m'zipinda zosungiramo mankhwala m'zipatala zing'onozing'ono khumi za m'mbali mwa nyanja, kutentha kumadutsa madigiri 30 kwa maola angati patsiku mu Okutobala ndi Novembala? Limeneli ndi funso lenileni la kuno. Mankhwala ambiri, kuphatikizapo LA wa malungo, amalembedwa pa katoni kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 30, pamene oxytocin, jakisoni woletsa kutaya magazi mayi akangobereka, amafuna furiji ya madigiri 2 mpaka 8. Aliyense amene analowapo m'chipinda cha malata ku Monkey Bay kapena ku Makanjira nthawi ya chilimwe akudziwa kuti malire amenewa savuta kudumphidwa.

Mafunso ena a mtundu womwewu alipo ambiri. Pa odwala 100 aliwonse a ku OPD (osagonekedwa m'chipatala), ndi angati amene amalemberedwa maantibayotiki? Kodi asodzi a m'madooko amamaliza mlingo wonse wa mankhwala, pamene amakhala masiku angapo panyanja? Odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi amasintha bwanji nthawi yomwera mankhwala m'mwezi wa Ramadan? Ndi masiku angati pachaka pamene praziquantel, mankhwala a likodzo, amasowa pa shelefu? Sankhani limodzi. Wophunzira amene ali ndi miyezi inayi akatenga awiri, onse amatuluka osapsa.

Gawo 2: Onani zomwe ena anapeza kale

Mangochi si malo atsopano pa kafukufuku wa zaumoyo. Ku Lungwena kwachitika kafukufuku wa zaka zambiri wa thanzi la amayi ndi ana, mogwirizana ndi yunivesite ya Tampere ya ku Finland. Kafukufuku wa MORDOR, womwe unkapereka azithromycin kwa ana osakwana zaka zisanu kawiri pachaka ku Malawi, Niger ndi Tanzania, kwathu kuno unachitikira m'boma lino, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Katemera wa malungo atayamba kuperekedwa mu 2019, Mangochi linali limodzi mwa maboma oyambirira.

Fufuzani pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku wa zaumoyo, polemba dzina la mankhwala anu pamodzi ndi mawu akuti Mangochi kapena Malawi. Malawi Medical Journal imawerengedwa mwaulere pa intaneti, ndipo magazini ena olipira amatseguka kudzera mu Research4Life ngati mwatenga chilolezo ku laibulale ya sukulu. Sungani zonse mu Zotero, pulogalamu yosungira mapepala omwe mwawerenga, kuyambira tsiku loyamba. Zimene mukusaka ndi chiganizo chimodzi chonena kuti zakutizakuti zikudziwika, koma chakuti sichinayezedwe kuno.

Gawo 3: Pezani woyang'anira musanalembe zambiri

Palibe komiti kapena wopereka ndalama amene angalandire pempho la wophunzira lopanda mphunzitsi woyang'anira. Dipatimenti ya famase ya KUHeS ili ku Blantyre, koma yunivesiteyi ili ndi kampasi ku Mangochi komwe ophunzira amadzaphunzira zaumoyo wa m'madera, choncho n'zotheka kukhala ndi woyang'anira wamkulu ku Blantyre ndi wachiwiri wapafupi. Mukamawalembera, musatumize uthenga wongoti mukufuna thandizo. Tumizani tsamba limodzi lokhala ndi funso lanu, chifukwa chake, njira yoliyankhira ndi nthawi yomwe muli nayo, ndipo musonyeze kuti mwawerengako zomwe iwo analemba. Gwirizanani msanga zinthu zitatu: muzikumana kangati, adzabweza zolemba zanu pakatha masiku angati, ndipo mayina adzandandalikidwa bwanji pepala likamasindikizidwa. Chachitatuchi anthu amachita nacho manyazi, koma ndi chimene chimadanitsa anthu kumapeto.

Gawo 4: Njira ndi chiwerengero

Apa ndi pomwe mapempho ambiri amagwera, tsono tikhalepo pang'ono.

Ngati mukufunsa anthu kuti mudziwe gawo la amene amachita chinthu chakutichakuti, ndipo simukudziwa poyambira, chiwerengero chodziwika cha anthu oti muwafunse ndi 384. Chimabwera mukachulukitsa 1.96 ndi 1.96, kenako ndi 0.5 ndi 0.5, n'kugawa ndi 0.05 yochulukitsidwa ndi 0.05. Onjezerani 10 pa 100 iliyonse chifukwa cha okana ndi mafomu olakwika, mufika pafupifupi 423. Koma chenjerani: masamu amenewa amaganiza kuti munthu aliyense m'boma ali ndi mwayi wofanana wosankhidwa. Mukasankha midzi kapena zipatala kaye, kenako anthu a mkati mwake, mayankho a anthu a malo amodzi amafanana, ndipo chiwerengerocho chimayenera kukwera, kawirikawiri ndi theka kapena kuwirikiza kawiri. Oyesa pempho amaona msanga ngati mwadumpha zimenezi.

Ngati mukuyang'ana kalembedwe ka mankhwala, pali njira ya bungwe la WHO imene inakhazikika kale. Imafuna zolemba za odwala zosachepera 600, mwachitsanzo 30 pachipatala chilichonse m'zipatala 20, ndipo ngati mukufuna kuyerekeza chipatala china ndi chinzake, zosachepera 100 pachipatala chimodzi. Pa wodwala aliyense mumalemba kuchuluka kwa mitundu ya mankhwala, ngati pali antibayotiki, ngati pali jakisoni, ndiponso ngati mankhwalawo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa dziko lino. Mukatero gawani maantibayotikiwo m'magulu atatu a WHO otchedwa Access (oyambira), Watch (ofuna kusamala) ndi Reserve (osungira zikavutitsitsa). Musatenge masamba a mwezi umodzi okha. Nthawi ya dzinja malungo ndi kutsegula m'mimba zimachuluka, mu Juni ndi Julayi ndi chifuwa, ndiye tengani zolemba zomwazikana m'miyezi 12, podumpha chiwerengero chofanana cha mizere mu kaundula.

Pa funso la kutentha lija, mufunika timakina tolemba kutentha tokha. Tcherani kuti kazilemba mphindi 15 zilizonse. Ndiye kuti kamodzi kalemba ka 96 patsiku, ka 2,880 pa masiku 30. Ikani kamodzi pa shelefu ya pamwamba pomwe kutentha kwa denga kumafikira, kena pa shelefu ya pakati, ndipo kachitatu pakati pa furiji, osati pachitseko chake kapena pafupi ndi pomwe pamaundana. Musanatipititse kumudzi, tiikeni tonse m'chipinda chimodzi kwa maola 24 kuti muone ngati tikuwerenga mofanana. Kamene kakusiyana ndi tinzake ndi digiri yathunthu kachotseni. Pachipatala chilichonse siyani kope loti wosunga mankhwala azilembamo nthawi imene magetsi azima ndi kuyaka, chifukwa popanda kope limeneli mudzaona kutentha kwa furiji kutakwera koma simudzadziwa ngati vuto ndi magetsi, batire ya sola, kapena chitseko chosatsekeka bwino.

Kuyeza ngati mankhwala ali enieni kumafuna labotale. Chipangizo cha GPHF Minilab chimathandiza kuzindikira mapiritsi amene alibiretu mankhwala kapena ali ndi ochepa kwambiri, koma sichipereka mlingo weniweni. Zokayikitsa zimayenera kukayezedwanso ndi makina a HPLC, amene amayeza mlingo weniweni, ndipo ndalama zake zilowe mu bajeti kuyambira pachiyambi. Amene akufufuza zitsamba atenge chitsanzo cha chomeracho, chokhala ndi masamba ndi maluwa kapena zipatso, n'kupita nacho ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba kuti akachitchule dzina lake la sayansi ndi kuchipatsa nambala. Dzina la Chiyao kapena la Chichewa lokha silikwana, popeza dzina limodzi limatha kuimira mitengo iwiri yosiyana.

Gawo 5: Zilolezo, motsatana kwake

Yambani ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Mangochi. Pititsani kalata ndi chidule cha pempho lanu kwa mkulu wa zaumoyo, ndipo konzekani kukafotokoza pamaso pa komiti ya kafukufuku ya pabomapo. Ngati mudzalowanso m'zipatala za mishoni, monga St Martin's ku Malindi, kalata ya boma siikwanira, pamafunika ina yochokera kwa oyendetsa chipatalacho.

Makalata amenewa ndiwo mumaphatika ku pempho lopita ku komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha otenga nawo mbali. Ophunzira ndi aphunzitsi a KUHeS amapita ku komiti ya yunivesiteyo, imene kwa zaka zambiri yadziwika ndi dzina lakuti COMREC. Amene sali pansi pa yunivesite amapita ku National Health Sciences Research Committee ya ku unduna wa zaumoyo. Kafukufuku woyesa mankhwala pa anthu amafunanso chilolezo cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA), bungwe limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019. Ndipo ngati magazi, mapiritsi kapena zitsamba zidzatumizidwa kunja kukayezedwa, payenera kukhala mgwirizano wolembedwa wonena zomwe zidzayezedwe ndi zomwe zidzachitike ndi zotsala.

Chimene chimabwezetsa mapempho ambiri ndi fomu yopempha chilolezo kwa wotenga mbali. Kuno iyenera kukhala m'Chichewa ndi m'Chiyao. Ku Namwera, kwa Katuli, kwa Jalasi ndi ku Makanjira mudzakumana ndi agogo ndi amayi ambiri amene Chichewa amachimva koma sangatsutse nacho kapena kufunsa mafunso momasuka, ndipo kuvomera kwa munthu amene sangathe kufunsa n'kokayikitsa. Munthu mmodzi amasulire fomuyo, wina amene sanaone yoyambayo aibwezere m'Chingerezi, kenako muyerekeze. Siyani malo a chidindo cha chala ndi a mboni yosakhala wa gulu lanu. Ana osakwana zaka 18 amafuna chilolezo cha kholo, ndipo okulirapo amafunsidwanso okha ngati akufuna.

Makomiti amakumana pa masiku oikika, ndipo si kawirikawiri pempho kudutsa ulendo woyamba popanda zokonza. Ikani miyezi iwiri kapena itatu pa ndondomeko yanu. Musayambe kusonkhanitsa chilichonse kalata isanatuluke, ngakhale kungokopera kaundula, chifukwa chilolezo sichibwerera m'mbuyo ndipo magazini ya sayansi idzafunsa nambala yake ndi tsiku lake. Podikirapo, malizani maphunziro aulere a pa intaneti a Good Clinical Practice (kachitidwe koyenera ka kafukufuku wa pa anthu), monga a The Global Health Network kapena a TRREE. Satifiketi yake imafunsidwa pafupifupi paliponse.

Gawo 6: Kumene ndalama zimachokera

Khomo losavuta kulowera, lomwe ambiri amalinyoza, ndi kukwera pa kafukufuku wamkulu amene ali kale ndi ndalama. Aphunzitsi a kuyunivesite ndi ofufuza a ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme amakhala ndi ntchito zomwe zili ndi galimoto, labotale ndi zilolezo kale, ndipo funso lanu laling'ono likhoza kukhala nthambi ya ntchito yawo. Funsani woyang'anira wanu mwachindunji ngati akudziwa ntchito yotere ku Mangochi, ndipo dziwitsani a Research Support Centre ya yunivesite kuti azikutumizirani zolengeza. Amene ali ndi chidwi ndi zitsamba afunse ku ACEPHEM, likulu la zaumoyo wa anthu ndi mankhwala azitsamba lomwe linakhazikitsidwa ku College of Medicine (yomwe pano ili mbali ya KUHeS) ndi thandizo la World Bank.

Kwa amene akuyamba kumene ndipo akufuna ndalama zakezake, bungwe la Royal Society of Tropical Medicine and Hygiene limapereka thandizo lofika mapaundi 5,000 la ntchito ya chaka chimodzi kwa ofufuza ongoyamba. Ndalama zimenezi n'zokwana bwino kafukufuku wa kutentha uja kapena wa kalembedwe ka maantibayotiki. Kuno kwathu, National Commission for Science and Technology imalengeza mipikisano ya thandizo la kafukufuku nthawi ndi nthawi.

Za digiri yachiwiri ndi yachitatu zili ndi makomo ake. TDR, nthambi ya kafukufuku wa matenda a m'madera otentha yomwe ili ku WHO, imalipirira maphunziro a kafukufuku wa momwe njira zodziwika kale zingagwirire ntchito m'zipatala zenizeni. Pali Commonwealth Scholarships ndi Chevening za ku United Kingdom, ndipo Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri. DAAD ya ku Germany ili ndi thandizo lophunzirira m'mayunivesite a mu Africa momwe muno. CARTA imathandiza a digiri yachitatu, koma okhawo amene ali pantchito m'mayunivesite ndi mabungwe omwe ndi mamembala ake.

Chilengezo chilichonse muyambe kuchiwerengera pa ndime ya oyenera kupempha. Anthu amataya masabata atatu akulemba, n'kudzazindikira kumapeto kuti zaka zawo zapitirira kapena kuti pamafunika kalata ya bungwe lowalemba ntchito. Kenako pezani mfundo zomwe oyesa amaperekera malikisi, ndipo mitu ya pempho lanu itsate mfundozo ndi mawu awo omwewo. Pemphani makalata a umboni kutatsala mwezi. Tsegulani nambala ya ORCID yokuzindikiritsani ngati wofufuza, ndi yaulere. Tumizani pempho kutatsala masiku awiri kapena atatu, chifukwa magetsi ndi netiweki ya kuno sizidziwa kuti lero ndi tsiku lomaliza, ndipo nthawi yotsekera imakhala ya ku London kapena Geneva. Wina akakuuzani kuti mulipire kaye pa foni kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa olandira thandizo, ameneyo ndi wakuba.

Gawo 7: Bajeti

Mzere uliwonse ukhale ndi chinthu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi ndi chifukwa chake. "Mayendedwe" paokha sauza munthu kanthu. Lembani kuti zipatala 10, maulendo atatu chilichonse, ndiwo maulendo 30, ndipo muike makilomita a ulendo uliwonse ndi malita a mafuta. Ulendo wa ku Koche ndi wa ku Makanjira si ofanana, woyambawo mubwerako dzuwa lisanafike pamutu, winawo mungafunike kugona konko.

Zimene zimaiwalika kawirikawiri ndi izi: malipiro a komiti yopereka chilolezo, gawo lomwe yunivesite imadula poyendetsa ndalamazo, omasulira Chiyao, tsiku lophunzitsa osonkhanitsa mayankho, mabatire, mayunitsi ndi bandulo, kubwezera otenga mbali ndalama zoyendera, ndi msonkhano wokafotokoza zotsatira. Alawansi ya ogwira ntchito m'boma itsate mlingo wovomerezeka wa nthawi imeneyo, osati wongogwirizana pakamwa.

Kumbukiraninso kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Pakati pa kulemba pempho ndi kulandira ndalama pamatha kudutsa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Lembani tsiku lomwe munafunsira mitengo ndi mtengo wosinthira ndalama womwe mwagwiritsa ntchito, ndipo ngati malamulo a wopereka akulola, ikani 5 mpaka 10 pa 100 ya zogwa mwadzidzidzi. Zipangizo zochokera kunja zigulidwe koyambirira ndalama zikangofika.

Gawo 8: Kumudzi ndi kuchipatala

Musanafunse munthu aliyense m'mudzi, kalonjereni mfumu yaikulu ndi nyakwawa, mutatsagana ndi mlangizi wa zaumoyo wa deralo. Fotokozani momveka ngati mudzatenga magazi kapena ayi. Mphekesera za anamapopa zinavutitsapo ogwira ntchito zaumoyo m'maboma a kummwera, ndipo mlendo wonyamula chikwama amene sanadziwitsidwe kwa mfumu amadziika pangozi yekha ndi anzake obwera pambuyo pake. Lachisanu masana anthu ambiri amakhala ku mzikiti, tsiku la msika simupeza munthu pakhomo, ndipo asodzi a usipa amene agwira ntchito usiku wonse musawayembekezere m'mawa kwambiri. Misewu ya fumbi ya kutsidya kwa Shire imavuta kuyambira Disembala mpaka Malichi, choncho madera akutali muyambe nawo mvula isanagwe.

Yesani mafunso anu pa anthu 15 kapena 20 a malo omwe sali mu kafukufuku. Apa ndi pomwe mudzazindikire kuti mawu akuti antibayotiki ambiri sawadziwa, koma mukawaonetsa kapisozi amati amamwa. Njira yabwino ndi kunyamula thumba la zitsanzo za mankhwala omwe amapezeka m'magolosale ndi m'zipatala, wofunsidwayo n'kumaloza yekha. Mayankho alembedwe pa foni kudzera mu KoboToolbox kapena ODK, zomwe zimagwira ntchito popanda netiweki n'kutumiza mukafika pomwe ilipo. Madzulo aliwonse onani mafomu a tsikulo. Cholakwika chopezeka lero chimakonzedwa mawa, chopezeka pakatha mwezi chimafuna mafuta a ulendo wina.

M'chipinda cha mankhwala, musakhulupirire khadi la katundu lokha. Werengani mabotolo ndi makatoni omwe ali pa shelefu, muyerekeze ndi khadi komanso ndi lipoti la mwezi lomwe linatumizidwa ku boma. Zikasiyana, lembani kusiyanako monga chotsatira cha kafukufuku, ndipo muuzeni wosunga mankhwalayo kuyambira pachiyambi kuti simunabwere kudzamugwira. Munthu amene akuopa kuti mwatumidwa ndi akuluakulu adzakonza makadi usiku musanafike, ndipo manambala anu adzakhala oyera koma abodza. M'lipoti, zipatala zitchulidwe ndi zilembo kapena manambala pokhapokha ngati komiti inalola mayina.

Mukapeza mankhwala okayikitsa, kapena wodwala amene mankhwala amuwenga kwambiri, musadikire kuti kafukufuku athe. Dziwitsani wamkulu wa famase wa boma tsiku lomwelo, ndipo lembani fomu yopita ku PMRA.

Sungani lisiti iliyonse, ndipo ijambuleni pa foni tsiku lomwelo chifukwa inki ya malisiti a pamalo omwetsera mafuta imafufutika ikakhala pa dzuwa. Ngati mukufuna kusuntha ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina, pemphani chilolezo cholembedwa musanatero. Ntchito ikatha, lipoti lipite kwa wopereka ndalama ndi ku komiti ya chilolezo, koma zotsatira zikayambe kumveka ku ofesi ya zaumoyo ya Mangochi ndi kuzipatala zomwe munayendera, pa tsamba limodzi losavuta kuwerenga lonena chipinda chomwe chikufunika siling'i kapena furiji yomwe ikufunika batire. Kenako zitengereni ku msonkhano wa pachaka wa zotsatira za kafukufuku wa KUHeS, ndipo mulembe pepala lopita ku Malawi Medical Journal kapena magazini ina yoyesedwa ndi akatswiri. Magazini imene ikukulonjezani pa imelo kuti isindikiza pasanathe sabata mukangolipira, isiyeni, chifukwa dzina lake pa CV yanu lidzakuchotserani malikisi pa pempho lotsatira.